Zithunzithunzi Zitatu za a Weston

Phillis ankaanula zovala madzulo pamene laputopu yake inalira m'nyumba kuti yamaliza ntchito. Anali pa holide kwa mayi ake, anamwino a ku Ntcheu ogwira ntchito ku Chintheche. Kuyunivesite ankaphunzira zojambula pakompyuta, ndipo aphunzitsi anatuma ophunzira kuti aumbe anthu, awaikire dzuwa, aliyense akhale ndi chithunzithunzi chake pansi. Iye anaumba mayi ake ndi aneba atatu ataima pabwalo.

Onse anatuluka bwinobwino, koma Ackson msodzi analibe chithunzithunzi. Phillis anangotsonya, n'kumati walakwitsa masamu. Sabata isanathe Ackson anamira pamadzi olekeza m'chiuno, munthu wokulira m'bwato!

Kenako chinasowa cha Alice, wogulitsa ufa wa kondowole. Alice anagona akudandaula mutu, osadzukanso. Laputopu ija inayamba kutulutsa mpweya wonunkha chinangwa chovunda, ndipo ikazimitsidwa munkamveka khwekhwerere, ngati munthu akukoka mapazi pamchenga. Kumjigo azimayi ankadula nkhani Phillis akangotulukira. Manong'onong'o anali akuti mwana wa anesi akutsekera anthu m'makina.

Mneba wotsala anali a Weston, ophika pa loji ina ku Kande, munthu woseka ndi aliyense. Magetsi akazima, ndiwo ankamutchajira laputopu pa sola yawo. Tsiku lina anamuitana pampanda.

"Mwana wangu, chithunzi chathu chija chikuyenda?"

"Chikuyenda, adada."

"Yewo. Nanga amama, m'thupi akupeza bwanji?"

Mayi ake sankadwala ngakhale chimfine. Koma masana omwewo anagwa kuntchito, anzawo n'kubwera nawo kunyumba atawanyamula.

Phillis anathamangira kukatsegula laputopu. Chithunzithunzi cha mayi ake chinali chitatumbuluka, chikukokekera kumapazi a a Weston. Pamapazipo panali patagona kale zitatu: chawo, cha Ackson ndi cha Alice.

"Phillis," anatero mayi ake ali pabedi, "ndikuzizidwa."

"Musagone, amayi. Chonde musagone!"

"Miyendo sindikuimva."

Phillis anachita mantha, koma ukali unaposa manthawo. Anasankha a Weston pachithunzipo, n'kudina batani lofufutira. Tisamuikire kumbuyo mwanayu, ankadziwa chimene akuchita. Kuseri kwa mpanda kunagwa poto, kenako kunamveka mkuwo wa akazi awo a a Weston.

M'mawa mwake mayi ake a Phillis anadzuka okha, n'kupempha phala. Kwa aneba nyimbo za maliro zinali mkati, koma Phillis ankalira misozi yachimwemwe. Anatuluka ndi mbale kupita pabwalo pamene mayi ake ankaothera dzuwa.

Mayiwo mbale sanailandire. Maso awo anali pansi, kumapazi a mwana wawo, pomwe zithunzithunzi zinayi zinali zitagona pamchenga.

"Phillis," ananong'ona, "anthu atatu wabwera nawowa ndi ndani?"