Zojambula Zofiira za pa Chamitondo

Ulendowu unabadwa m'makani. Felista anali pakhonde kwawo, kufupi ndi Namitete, akuonera pafoni mzinda wakale wa kuchipululu umene anthu anachita kusema m'matanthwe: makomo, nsanamira, zipinda, zonse mwala wokhawokha. Atawafotokozera bambo ake, a Andrea Kamphinda, iwo anangotsonya.

"Chachilendo n'chiyani pamenepo? Kwathu kuno uliponso. Ku Dzalanyama, paphiri la Chamitondo, pamene makolo anabisala nthawi ya nkhondo. Ndinapitako ndi malume ndili mnyamata."

Tsono a Andrea anali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Achipatala ananena kalekale kuti ndi yochotseka, koma mkuluyo ankakana kwamtuwagalu, ati diso si mbatata yoti munthu aziisenda ndi mpeni. Felista ankaona kuti posachedwa bambo ake aziyenda chogwiridwa dzanja, ndipo zinkamupweteka mtima. Choncho anaponya nyambo.

"Ndikakuperekezani kuphiri kwanuko, mudzapita kuchipatala?"

"Tikafike kaye kuphiriko. Zachipatalazo tidzaona."

Wachitatu paulendowo anali Stewart, mwamuna wa Felista, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Iyeyu sanafunsidwe maganizo. Mkamwini wanjinga amangouzidwa tsiku.

Ananyamuka m'mamawa onse atatu panjinga imodzi, mkuluyo ali pakati. Njingayo anaisungitsa kwa mayi wina wogulitsa nkhuni m'mphepete mwa nkhalango, n'kulowa m'tchire wapansi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'chikwama munali chinangwa chophika, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi.

"Tikafika pamkuyu waukulu tikhotere kumanzere," anatero a Andrea, ndodo patsogolo.

"Mkuyu wake uti, ababa? Pano pali zitsa zokhazokha ndi mauvuni a makala."

Mkuluyo anaima kakasi. Mitengo yonse imene anaisunga m'mutu inali itapita kutauni m'matumba. Koma sanagonje. "Khwawa sangaliotche makala. Pezani khwawa, tizilitsata chokwera."

Analipeza, louma gwa, ndipo analitsata mpaka dzuwa litafika pamutu. Popuma, Stewart anaika chikwama pamwala n'kupita ndi mkazi wake kukayang'ana njira kutsogolo. A Andrea anaona chinthu chakuda chitakhala pamwalapo chikupisa m'chikwama.

"Akamwini," anatero mwaulemu, "ndigawireniko chinangwacho."

Akamwiniwo sanayankhe, anangopitiriza kutafuna. Felista pobwerera anakuwa, "Nyani!" Chinyani chachimuna chinakoleka chikwama paphewa n'kukwera thanthwe mosafulumira n'komwe. Chinangogwetsa botolo la madzi, nalonso litabooka.

"N'chifukwa chake ndimadabwa," anatero a Andrea. "Ndimati mwana uyu mwano wauyamba liti?"

Anaseka mpaka misozi, koma kuseka sikukhutitsa. Kamba anali atapita, madzi atatha, phiri likadali patsogolo.

Asanapite patali, mphepo inabweretsa fungo la utsi. Kumunsi, osaka mbewa anali atayatsa tchire, ndipo moto unkabwera ukuthetheka m'udzu wouma, mbalame zikuuluka chamtsogolo kwake. Stewart anayang'ana uku ndi uku.

"Kumanjaku kuli thanthwe lopanda udzu. Tikakwera pamenepo moto sutipeza. Bambo, bwerani ndikuberekeni."

"Ine? Kuberekedwa ndi mkamwini?"

"Pepani bambo, ulemu tikaupeza pamwamba."

Anawaponya kumsana. Felista ankakankha kumbuyo, phulusa lotentha likuwagwera m'khosi, mkuluyo akulamula kuti nkhani imeneyi isadzamveke kumudzi. Anafika pamwamba ali wefuwefu, moto n'kudutsa m'munsi mwawo n'kupitirira.

Atatsitsidwa, a Andrea anaponda kawiri, phazi lawo n'kulowa m'dzenje. Anagwada n'kupapasa. Dzenjelo linali losalala, lozungulira bwino, lakuya mpaka m'chigongono.

"Mtondo!" anakuwa. "Tafika!"

Moto uja unali utawathamangitsira pakhomo penipeni. Mkuluyo anakwawa ngati mwana, manja patsogolo, akutchula chilichonse asanauzidwe. Apa mitondo ina. Apa timaenje ta bawo, mizere yake yosemedwa m'thanthwe. Apa makwerero, apo mpanda wamiyala wogumuka. Kuseri kwa mwala waukulu anawalozera chitsime chogobedwa pamthunzi, ndipo pansi pake panali madzi ozizira. Anasefera pampango wa Felista n'kumwa mpaka mimba kulira.

"Mzinda wakuchipululu uja uli ndi bawo?" anafunsa a Andrea monyadira. "Mwaona? Maso ndi a chiyani? Manja anga aona zonse."

Mtima wa Felista unagwa. Ulendo wonsewu, njala yonseyi, wangowapatsa bambo ake chifukwa china chokanira kupita kuchipatala.

"Kwatsala kuphanga," anatero mkuluyo. "Kumeneko ndiye kuli zenizeni. Makolo anajambula pakhoma ndi utoto wofiira. Malume anandinyamula paphewa kuti ndione bwino."

Analowa m'phangamo. A Andrea anayendetsa zikhatho pakhoma, kumtunda, kumunsi, m'mbali. Mwala unali see, wopanda pogwira chala.

"Zafufutika kodi?"

"Zilipo, ababa. Dzanja lanu lili pomwepo."

Anasuzumira mpaka mphuno kugunda mwala. Ankangoona chifunga.

"Tafotokoza."

"Pali chozungulira, chokhala ngati tayala la njinga."

"Ayi, ndi dzuwa limenelo," anatero Stewart. "Kapena mbaula."

"Pambali pake pali buluzi," anapitiriza Felista.

"Buluzi wamiyendo yambiri chonchi? Ndi chipeso ichi."

"Chipeso!" A Andrea anamenya ndodo pansi. "Makolo angathawe nkhondo, n'kukwera phiri lonseli kudzajambula chipeso?"

Mkuluyo anakhala pansi, chikhatho chikadali pakhoma. Anayesa kukumbukira zimene anaona ali paphewa pa malume ake, koma zaka zinali zitadya chithunzicho. Chotsala chinali kufiira kokha. Anamva chisoni chachikulu, ndipo ana awowo anawadikira mpaka atadzuka okha.

Potsika anadutsa m'lupsa, akutola masuku m'mitengo imene moto unailambalala. Anafika kumudzi dzuwa likulowa, ali bii ndi phulusa, milomo ili nakanaka ndi masuku. Mayi Ursula, akazi awo a Andrea, anawachingamira pabwalo manja ali m'chiuno.

"Nanga mzinda wanu uja mwauona?"

"Ulipo, mayi!" anatero Stewart. "Mitondo, bawo, chitsime, zonse m'mwala."

"Ndafunsa bambo anuwa."

A Andrea anakhala pampando n'kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Awiriwa ndiwo auona, koma maso awo ndi ongowononga. Wina akuti tayala, wina akuti chipeso. Zinthu za makolo sizingasiyidwe m'manja mwa anthu otere." Anakutumula phulusa m'nsapato. "Akamwini, njinga ija muithire mafuta. Iwe Felista, kodi a maso aja amaona anthu tsiku liti? Ndikufuna ndibwerereko ndikaone ndekha mvula isanatseke njira."

"Mawa lomweli, ababa," anayankha Felista. Sanadikire kuti asambe. Anathamangira kukhitchini kukapala makala a m'simbi, n'kuyamba kusita jekete la bambo ake asanasinthe maganizo.