Sitima ya Duwa mu Lichero

Duwa ndi mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Timakhala ku Chileka.

Ndege Duwa amaziona tsiku lililonse. Zimadutsa pamwamba pa nyumba yathu. Sitima ya panjanji amaidziwanso. Koma sitima ya pamadzi sanaionepo.

"Amayi, ndikufuna kuona sitima ya pamadzi," amatero Duwa.

"Madzi ake ati?" ndimatero ine. "Kuno madzi ali pa mjigo basi."

Tsiku la msika tinapita ku Lirangwe. Ine ndimagulitsa matimati. Pafupi ndi ine amakhala a Greyson. A Greyson amagulitsa zidole za kaunjika.

Pa zidolepo panali bokosi lalitali. Pa bokosipo panali chithunzi. Sitima yankhondo! Yotuwa, yaitali. Mfuti kutsogolo, mfuti kumbuyo.

Duwa anaima. Duwa anayang'ana. Duwa sanasunthe.

"Iwe, wamera mizu pamenepo?" ndinatero.

"Amayi, sitima," anatero Duwa motsitsa mawu.

A Greyson anatchula mtengo. Ine ndinaseka.

"Achimwene, bokosi long'ambika limeneli?"

Anatsitsa. Ine ndinatembenuka ngati ndikupita. Anatsitsanso.

"Mayi inu mudzandigoneka ndi njala," anatero a Greyson.

"Nawu mulu wa matimati, mukadye," ndinatero. Ndinalipira. Bokosi ndinanyamula.

Kunyumba tinatsegula bokosi lija. Munalibe sitima. Munali tizidutswa tokhatokha ta pulasitiki. Tizidutswato tinali tomatirira pa timitengo, ngati mtedza pa mizu yake. Munalinso pepala la zithunzi.

"Andipusitsa!" ndinakuwa. "Sitima ili kuti?"

"Ndi yolumikiza wekha, Amayi. Onani pepala ili."

"Kugula ndigule, kupanganso ndipange?"

"Ndipanga ndine, Amayi."

"Tamvera. Tsiku la msika likubwerali ndione sitima. Ikapanda kuoneka, bokosi likubwerera kwa a Greyson."

Duwa anakumbatira bokosi lake. "Ioneka, Amayi."

M'mawa mwake Duwa anapita kusukulu. Ine ndinasuzumira m'bokosi muja. Tizidutswa mbwee! Mwanayu adzamaliza liti? Ndinati ndimuthandize.

Ndinatenga lichero. Ndinathothola tizidutswa tonse. Thotho, thotho, thotho, ngati mtedza. Timitengo tija ndinataya kudzala.

Kenako ndinapeta. Tikulutikulu uku, ting'onoting'ono uko. Kamodzi kanauluka ngati mankhusu. Ndinakasiya. Kanali kakang'ono zedi.

Duwa anabwera kuchokera kusukulu. Anaona lichero. Anakhala pansi osavula chikwama.

"Ndakuthotholera," ndinatero. "Sukuthokoza?"

"Amayi, manambala anali pa timitengo tija."

"Manambala ati?"

"Kachidutswa kalikonse kanali ndi nambala yake pambali. Pepala limati tenga ka nambala iyi, mata pa ka nambala iyo. Tsopano sindikudziwa kuti aka ndi kati."

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 2. Timanambala timeneto ndinationa ngati timabala ta pulasitiki.

Misozi ya Duwa inagwera mu lichero. Do. Do. Mtima unandipweteka.

Duwa anayang'ana lichero nthawi yaitali. Kenako anapukuta m'maso.

"Amayi, kodi nyemba zili ndi manambala?"

"Iwe, wayamba kundiseka?"

"Ayi, Amayi. Nanga mumazisankha bwanji? Zofiira kwazokha, zoyera kwazokha, zofumbwa kwazokha?"

"Ndi maso. Maso angawa saphonya."

"Ndiye tisankhe ndi maso. Ine ndizikuonetsani chithunzi. Inu muzipeza kachidutswa kake."

Tinayala mphasa pakhonde. Duwa anathamangira kwa a Yobu, osoka nsapato kwathu kuno. A Yobu anampatsa guluu pang'ono.

Duwa analoza chithunzi. "Kokhala ngati supuni."

Ndinasanthula mu lichero. "Aka."

"Kokhala ngati chipewa."

"Aka."

"Kokhala ngati dzino la mbuzi."

"Tilipo tiwiri. Kakumanja kapena kakumanzere?"

Duwa anaseka. "Amayi, ndinu akatswiri!"

"Ndikudziwa. Fulumira."

Duwa anapaka guluu ndi kamtengo ka machesi.

"Thira wambiri!" ndinatero.

"Pang'ono, Amayi. Wambiri amaononga."

Anamata. Anagwira. Anadikira.

"Wauma?"

"Sanaume, Amayi."

"Nanga tsopano?"

"Sanaumebe, Amayi. Musagwire."

Tsiku loyamba tinamaliza mimba ya sitima. Tsiku lachiwiri tinaika tinyumba ta pamwamba. Mfuti imodzi Duwa anaimata chozondoka. Inaloza pansi. Anaimatula pang'onopang'ono. Anaimatanso bwino. Ine ndikanangoisiya.

Madzulo aliwonse tinkakhala pakhonde. Duwa kuloza. Ine kusankha. Duwa kumata.

"Wauma?"

"Sanaume, Amayi."

Tsiku lomaliza linafika. Mawa lake linali la msika. Mu lichero munatsala kachidutswa kamodzi. Duwa anakamata. Kenako anayang'ana pepala.

"Kwatsala mlongoti, Amayi. Kamtengo koonda ka pamwamba penipeni."

Mu lichero munalibe kanthu. Duwa anayang'ana m'bokosi. Munalibe. Anatukula mphasa. Panalibe.

Ine ndinatsokomola. "Duwa, tsiku lija ndinapeta. Kamodzi kanauluka. Pepa, mwana wanga."

Mawu amenewo sindiwatchula kawirikawiri.

Duwa sanalire. Anayang'ana uku ndi uku. Pakhomo panali tsache langa. Anasolola kamtengo kamodzi ka tsachelo. Anakayeza pa chithunzi. Anakadula. Anapaka guluu pang'ono. Anamata. Anagwira.

Sindinafunse.

"Wauma, Amayi," anatero Duwa.

Sitima ija inaima pamphasa. Yotuwa, yaitali. Mfuti kutsogolo, mfuti kumbuyo. Mlongoti pamwamba, njo!

M'mawa ndinaiika mu lichero. Ndinaiphimba ndi chitenje.

"Amayi, mukupita nayo kuti?" anafunsa Duwa. "Si yaoneka?"

"Mafunso ambiri. Kwera minibasi."

Ku Lirangwe ndinalunjika kwa a Greyson. Atandiona, anaimika manja.

"Mayi, katundu wogulidwa sabwezedwa!"

"Ndani wanena zobweza? Taonani kuno."

Ndinavundukula chitenje. A Greyson anatsegula pakamwa.

"Zinyalala zija? Wapanga ndani?"

"Mwana wanga. Ameneyu."

Anthu anasonkhana. Ana anasuzumira. Akabaza anaimika njinga. Bambo wina wa jekete anawerama.

"Mayi, ndigula. Tchulani mtengo."

Duwa anagwira chitenje changa. Anachigwira zolimba. Amandidziwa. Ine malonda sindiwaphonya.

"Ndiwonjezera pa mtengo umene munagulira," anatero bambo uja.

"Funsani mwini wake," ndinatero.

Bambo uja anayang'ana Duwa. Duwa anapukusa mutu.

"Mwaona nokha," ndinatero. "Sitima si ya malonda. A malonda ndi matimati. Mutenga milu ingati?"

Bambo uja anaseka. Anagula matimati.

Madzulo tinakwera minibasi. Duwa anaika lichero pamiyendo. Minibasi inkagwedezeka. Lichero linkagwedezeka. Sitima inkapendekera uku, inkapendekera uko.

"Amayi, taonani! Ikuyenda ngati pamadzi!"

Ndinayang'ana. Zoonadi, inkayenda.

"Gwira bwino, iwe," ndinatero. "Tsache langa lili pamenepo."