Marlee Anasainira Mfuti ya Wina

Nyumba ya achimwene anga a Wendell Tackett inali yoti ukalowamo sufuna kutuluka. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkadzazana pa tebulo lawo, mlamu wanga Lorene ataphika nyemba, buledi wa chimanga ndi nkhuku yokazinga, ndipo panalibe wogwira foloko a Wendell asanapemphere. Mfuti zinalimo, monga m'nyumba iliyonse ya m'mapiri athu ano a Kentucky, koma zinkakhala m'kabati yachitsulo, kiyi ali m'thumba mwa mwiniwake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marlee, anaphunzira kuwombera zitini ali ndi zaka khumi. Tsiku lomwelo bambo ake anamuuza kuti mfuti sailoza pa munthu ndiponso saibwereketsa.

Ine ndine Verna, azakhali ake. Ndagulitsa mfuti m'sitolo ya m'tauni mwathu muno kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa kumva atsikana a m'kalasi langa la Sande sukulu akunong'onezana za mpando wa Marlee umene uli wopanda munthu kukwaya. Mumve kwa ine, osati kwa a miseche.

Marlee atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi, chinamutsalira chaka chimodzi kuti amalize sukulu ya unamwino. M'mawa ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ulendo wa makilomita makumi atatu, msewu wa m'nkhalango yokhayokha. Tsiku lina galimoto inamufera panjira, munthu wina wachilendo n'kuima, n'kumazungulira galimotoyo akugogoda magalasi. Atafika kunyumba anapita kwa bambo ake.

"Adadi, ndikufuna kamfuti kakang'ono kolowa m'chikwama."

"Sindikukaniza, mwanawe," anatero a Wendell. "Loweruka tipitira limodzi kwa azakhali ako. Ukayese tingapo, usankhe kogwirizana ndi dzanja lako, kenako ukalembetse maphunziro a kagwiritsidwe kake."

Zikanatha bwino. Koma panali Brody Sizemore, mnyamata wa pikapu yofiira ndi mano oyera, amene anali atangotuluka kundende kumene anakhala zaka ziwiri chifukwa chophwanya munthu nsagwada ndi chitsulo. Lamulo lathu salola munthu wotere kugula mfuti, ngakhale kuigwira kumene. Iye ankalidziwa bwino lamulolo, ndipo ankamudziwanso Marlee, amene anali atagwa naye m'chikondi mpaka kusaona kanthu.

A Wendell anali atamuchenjeza kale mwanayo. "Mnyamata uja ndamuona akumenya galu ndi unyolo. Musiye."

"Si inu nomwe mumaphunzitsa kuti Mulungu amakhululuka, Adadi?"

"Amakhululukira olapa. Uyo walapa liti?"

Loweruka silinafike n'komwe. Lachitatu masana belu la pachitseko cha sitolo linalira, ndikuona Marlee akulowa, Brody ali pambuyo pake akutafuna chingamu.

"Azakhali, ndabwera kudzasankha kamfuti kanga kaja."

"Adadi ako ali kuti? Si munagwirizana Loweruka?"

"Atanganidwa," anayankha Brody, ngati ndafunsa iye.

Ndinatulutsa timfuti titatu topanda zipolopolo n'kutiyala pa kauntala. Mkazi akamadzigulira yekha ine ndimadziwa. Amakafumbata, amaona ngati chala chikufika pa kachitsulo kowombera, amayesa kukoka chitsulo chapamwamba chotsetsereka kuti aone ngati mphamvu zake zikukwana. Amafunsa ngati kamapweteka m'dzanja kakalira, pakuti timfuti tating'ono timamenya dzanja kuposa zazikulu. Marlee sanafunse kalikonse. Anangokhudza kamodzi ndi nsonga za zala, maso ali pa Brody.

"Tenga kakudako, bebi," anatero Brody. Basi n'kutambasula dzanja, n'kukatola, n'kukweza malaya, n'kukatsomeka m'chiuno mwa buluku lake. Anatembenukira pa galasi kuti aone ngati kakuonekera.

Ndinapsa mtima. "Bweza apa msanga, iwe! Sukuloledwa ngakhale kukakhudza!"

"Aaa, mayi, bwanji ukali? Ndikungomuonera mkazi wanga."

"Ukumuonera m'chiuno mwako? Mkazi wako unamukwatira kuti? Tuluka!"

Anakaponya pa kauntala n'kutuluka akuseka. Ine ndinakoka fomu ya boma imene aliyense wogula mfuti amasaina, n'kuiyika pamaso pa Marlee.

"Werenga funso ili. Akufunsa ngati mfuti ukugulayo ndi yakoyako. Ukachonga kuti inde, chonsecho ukugulira uyo, walumbira bodza kwa boma ndi kwa Mulungu. Mfuti iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo imalembedwa pa dzina la wosaina. Kulikonse kumene idzapite, apolisi adzayambira pa iwe."

"Azakhali, inu mumangomuda basi."

"Ndimamuda, eya, sindikubisa. Ndipo sindikugulitsa."

Anamenyetsa chitseko. Ndinawaimbira foni a Wendell nthawi yomweyo, koma Marlee tsiku limenelo sanabwerere kunyumba. Zimene Brody anamuuza m'pikapumo anadzandifotokozera yekha patapita nthawi, akulira.

"Abale ako amandiona ngati chilombo," anatero Brody. "Nanga wina akadzakugwira pamsewu paja, ndidzakuteteza ndi chiyani, supuni? Manja ako ndi ofewa, bebi. Iwe ungosaina, ine ndizikusungira. N'kuchonga kamodzi kokha. Ukaopa zimenezo ndiye kuti sundikonda."

M'mawa mwake anapita ku sitolo ya m'tauni ina kumene samawadziwa. Ulendo uno Brody anachenjera, anatsala m'galimoto. Marlee analowa yekha n'kuloza kakuda kofanana ndi kaja. Wogulitsa anafufuza dzina lake kuboma, n'kulipeza loyera ngati la mwana wa atsogoleri a mpingo, monga linalilidi. Marlee anachonga kuti inde, n'kusaina. Asanatuluke n'komwe pamalo oimika magalimoto, kamfutiko kanali kale m'chiuno mwa Brody. Marlee sanakawombe ngakhale kamodzi, ndipo kuntchito ankapitabe ndi chikwama chopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Marlee anasamukira ku kalavani ya Brody, kanyumba ka matayala, kuseri kwa mgodi wakale wa malasha. Kukwaya anasiya. Kusukulu ankapita lero, mawa ayi. Lorene anawonda, a Wendell ankangozungulira pabwalo, ine ndinkadzidzimuka foni ikangolira. Ndinakumana ndi Marlee kamodzi pogulitsira mafuta a galimoto atavala magalasi akuda kunja kuli mitambo.

"Vula magalasiwo, Marlee."

"Ndinagunda chitseko, Azakhali."

"Chitsekocho chili ndi dzina. Lowa m'galimoto yangayi tizipita."

"Akandisaka. Ali ndi kamfuti kaja." Anayankhula motsitsa mawu, n'kuthamangira ku galimoto yake.

Kamfuti kodzitetezera kaja ndi kamene tsopano kankamutsekera m'nyumba. Brody akakwiya ankakaika pa tebulo n'kumadya osayankhula.

Patatha miyezi inayi, Lachisanu lina cha m'ma 11 m'mawa, Brody atapita kukagula mowa, Marlee anaimba foni. "Adadi, dzanditengeni. Ndalakwa." A Wendell sanatsegule kabati yawo yachitsulo ija. Anati sapita kukatenga mwana ndi mfuti m'manja. Anafika, anayamba kukweza zikwama m'galimoto, ndipo chikwama chomaliza chili m'manja pikapu yofiira inatulukira.

"Madala, katundu wa m'nyumba mwanga mukupita naye kuti?"

"Ndadzatenga mwana wanga. Tipatse njira."

Brody anamugwira Marlee tsitsi. A Wendell anaponya chikwama pansi n'kulowa pakati pawo. Kamfuti kanalira kamodzi. Chipolopolo chinalowa m'mimba mwa a Wendell n'kukaima pa fupa la msana.

Kalanga ine! Mwamuna amene ankasenza gwape yekha kuchokera m'phiri, lero sangathe kudzivalira nsapato. Madokotala anapulumutsa moyo wawo, koma miyendo inafa.

Brody anagwidwa tsiku lomwelo madzulo, kamfuti kali pansi pa mpando wa pikapu. Apolisi anatsata nambala ija, n'kufika ku sitolo ya m'tauni ina ija, n'kutulutsa fomu. Anamupeza Marlee ali pa benchi ya kuchipatala, malaya akadali ndi magazi a bambo ake.

"Siginecha iyi ndi yanu, mayi?"

"Ndi yanga."

Ineyo anandiitana kukhoti kuti ndikanene zimene ndinaona Lachitatu lija. Ndinagwira Baibulo, ndinanena zonse, mwana wa achimwene anga akundiyang'ana. Palibe tsiku lina limene linandiwawa chotero. Woweruza anamupatsa Brody zaka makumi awiri ndi zisanu m'ndende. Marlee anamupatsa chaka ndi theka chifukwa chogulira mfuti munthu woletsedwa ndi kunama pa fomu. Sukulu ya unamwino inamufufuta.

Mwezi watha tinapita kukamuona Marlee kundende, ine ndikukankha chikuku cha a Wendell. Atawaona anagwada pa simenti, woyang'anira ndende n'kumuuza kuti akhale pa mpando.

"Adadi, ndinkati n'kuchonga kamodzi kokha. Mundikhululukire."

"Ndinakukhululukira ndikadali chigonere pabwalo paja," anatero a Wendell. "Tsopano pempha kwa Mulungu, ndipo usadzamunamizenso."

Walapa, ndikukhulupirira, ndipo ndikuthokoza Ambuye. Koma kulapako sikunadzutse miyendo ya bambo ake.

Ndiye atsikana inu, ndi anyamata omwe, tamverani. Bodza ndi tchimo ngakhale likhale lochonga ndi cholembera. Munthu akakuuzani kuti munamize boma ndi makolo anu kuti muonetse chikondi, ameneyo sakukukondani, mthaweni tsiku lomwelo. Musasainire mfuti imene idzakhale m'chiuno mwa wina. Ngati mukuganiza kuti azakhali a Verna akungolalata monga mwa masiku onse, bwerani msanga Lamulungu likubwerali, muime pakhomo la tchalitchi. Mudzandithandize kukankha chikuku cha achimwene anga pa matabwa otsetsereka amene abambo a mumpingo anakhoma pa masitepe.