Chipolopolo cha M'thumba la Vendel

M'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Tatra munalibe mlenje wonyada ngati mayi Gizela, ndipo kunyadako kunali ndi pogwira. Zipolopolo za kamfuti kawo ka m'chiuno ankapanga okha, kuyeza wonga okha, n'kudontheza utoto wofiira pa chilichonse. Kamfutiko kanali komalizira nyama yovulala. Kwa zaka makumi atatu sanasiyepo nyama ikuvutika m'tchire, pakuti kwa alenje a kumeneko palibe manyazi oposa amenewo.

Wowanyoza anali mmodzi yekha, Vendel, mlenje mnzawo wa pakamwa posasamba.

"Iwe Gizela, tinyemba takoti n'tophera makoswe," ankatero.

Vendel atamwalira, Gizela analira kwambiri. Koma bokosi lisanatsekedwe anamulowetsera chipolopolo chimodzi m'thumba la jekete. "Ukayesere komweko, wamwano iwe."

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina dzuwa likulowa, Gizela anaombera nguluwe yaimuna ndi mfuti yaikulu. Inagwa, n'kudzuka, n'kulowa m'ziyangoyango, magazi akudontha pa chipale chofewa. Mfuti yaitali imakodwa m'malo otere, choncho anaitsamiritsa pamtengo n'kukwawa ndi tochi pakamwa.

Kunada. Magazi ankapitirirabe. Kenako anamva kupuma kolemera kutsogolo, pafupi ndithu.

Anasolola kamfuti kaja. Kanali kopepuka. Apo m'pamene anakumbukira: masana polowa m'nyumba ya mwana wawo anachotsa zipolopolo, monga amachitira mlenje wolongosoka, n'kuzisiya m'chikhoti china. Mantha anawagwira, koma manyazi ndiwo anawawa kwambiri. Kubwerera kukanakhala kuipatsa msana nguluwe yolusa, komanso kuisiya ikuvutika.

Kenako kunamveka fungo la fodya wa m'kaliwo.

"Waiwala tinyemba tako, nkhalamba iwe?"

Gizela sanatembenuke msanga. Mawuwo ankawadziwa. Pambali pawo panagwada munthu wovala jekete yobiriwira ya pamaliro. Kunkazizira koopsa, koma pakamwa pake sipankatuluka nthunzi.

"Vendel," ananong'ona, "suli kumanda iwe?"

"Ndigona bwanji? Chakhala chikundibaya m'nthiti zaka ziwiri. Tenga, tione ngati chilira."

Kanthu kozizira kanagwera m'dzanja mwawo. Zala zinalowetsa zokha chipolopolocho m'kamfuti. Nthambi zinathyoka, nguluwe inatulukira ili mano pamtunda. Phuu! Kamodzi kokha. Inagwera pa nsapato zawo, osaphiriphithanso.

Atacheuka, panalibe munthu. Anaunika paliponse, koma mapazi pa chipale anali awo okha. Anathyola kanthambi ka paini kuti aike pakamwa pa nyamayo, chakudya chomaliza chimene mlenje amalemekeza nacho chimene wapha. Anapeza kanthambi kena kali kale pakati pa mano.

M'mawa anaika chigoba cha chipolopolocho patebulo la m'nyumba imene alenje amamwerako kachasu wa mapulamu. Utoto wofiira unalipo. Mkuwa wake unali utachita nkhungu, ukununkha dothi. Anthu anayamba kunong'onezana. Ena ankati chinangobisala m'nsalu ya chikhoti. Matej wokumba manda anati wapita kumanda m'mamawa, ndipo pa manda onse a kutchalitchi, a Vendel okha ndiwo analibe chipale pamwamba.

"Mayi Gizela, simukuopa?" anafunsa Matej.

"Zoopazo n'zanu, bambo. Ine ndikudziwa chimodzi: zaka ziwiri m'dothi lonyowa, koma chinalira ulendo woyamba. Ndionetseni cha m'sitolo chimene chingatero."

Madzulo ake anapita kumanda okha, n'kukankhira chipolopolo chatsopano m'dothi, utoto wofiira uli poonekera.

"Sunga china, wamwano iwe. Ndayamba kuiwalaiwala."

Matej atadutsapo m'mawa, anangopeza kadzenje.