Matiresi Osagwedezeka

Madzulo amenewo tinadya nsomba ndi mbatatesi, ndipo mbale ndinatsuka ine, chifukwa Marlys, mkazi wanga, sankathanso kuima nthawi yaitali pasinki. Munali mu Novembala. Mphepo inkalira m'mawindo monga imachitira kuno ku Duluth sitima zikatsala pang'ono kuleka kuyenda panyanja. Nditapukuta manja ndinatulutsa kapepala m'thumba n'kukayala patebulo. Kanali ka sitolo ina yaing'ono imene imasoka matiresi malinga ndi thupi la munthu.

Marlys anakayang'ana osakagwira. Anati matiresi athu analibe mlandu.

Mlandu anali nawo. Tinali titagonapo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo pakati panali dzenje. Aliyense ankayamba tulo kumbali kwake, koma pofika pakati pa usiku tinkakumana m'dzenjemo. Masipuling'i ake anali olumikizana onse, moti ndikatembenuka ine, bedi lonse linkayenda. Ndipo ine ndimatembenuka ngati nyama yapamoto. Marlys ankadwala mtima, chiunonso chinkamuwawa. Ndikatembenuka ankabuula. Kubuulako sindinkakumva, koma m'mawa ndinkakuona pankhope pake.

Sindinkakumva chifukwa ndine gonthi. Zaka makumi atatu ndili padoko, ndikuthira miyala yachitsulo m'sitima, zinandidyera makutu. Masana ndimavala timakina tothandiza kumva. Usiku ndimativula n'kutiika m'kambale, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale denga litagwa sindingadziwe. Ndiye Marlys anali ndi belu lake, chidendene. Akamenya matiresi kamodzi, ndiye kuti ndikuliza mkonono. Akamenya katatu, ndiye kuti dzuka. Anamenyapo katatu usiku umene makina otenthetsa nyumba anazima kunja kuli chisanu, ndi usiku umene mwana wathu Annika anaimba foni ali kuchipatala chochirira, komanso usiku umene mtima wake unayamba kuvuta. Nthawi zonsezo ndinadzuka.

Za belu limeneli sindinaganize n'komwe. Ine ndikagwira chinthu sinditaya, ndipo ndinkati ndikumuthandiza. Ndinamuumiriza mpaka anavala chikhothi.

Mwini sitoloyo anali Mayi Oberg, munthu wamtali wolankhula mofatsa. Anatsegula zipi ya matiresi n'kutionetsa zam'kati. Pansi panali masipuling'i, lililonse m'kathumba kakekake, losakhudzana ndi linzake. Pamwamba pake panali zidutswa za mphira wochokera ku utomoni wa mitengo, wina wofewa, wina wapakati, wina wolimba. Chovundikira chinali cha ubweya wa nkhosa ndi thonje lolimidwa popanda mankhwala. Mphirayo anali wodulidwa pakati, kuti mwamuna asankhe mbali yake, mkazi yake. Tinagona pamenepo ndi zikhothi zathu, nsapato zili papulasitiki, ngati mitembo iwiri yodikira abusa. Marlys anasankha wofewa. Ine wolimba. Ndinasankhanso matiresi aakulu kuposa onse, kuti ndisamamuponde.

Kenako Mayi Oberg anabwera ndi tambula ya madzi. Anaiika kumbali ya Marlys n'kundiuza kuti ndidziponye kumbali yanga. Ndinadziponya. Madzi sanagwedezeke. Ndinadziponyanso ndikuseka ngati mwana, koma madzi anangoti phee.

Marlys sanaseke. Ankayang'ana tambulayo.

“Ndiye gonthi uyu ndizimudzutsa bwanji?” anafunsa.

“Uzindigenda ndi nsapato,” ndinatero ine.

Mayi Oberg anaseka, inenso ndinaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anatiuza kuti tili ndi mausiku zana oyesera. Chidutswa china chikapanda kutikomera, tingoimba foni, iwo adzabwera kudzasintha. Matiresi anafika Khirisimasi itangodutsa.

Masabata oyambirira Marlys anagona bwino. Zimenezo sindingakane. Nkhope yake inayamba kubwerera. Ine ndinkadzitama kwa aliyense kutchalitchi, ngati ndinasoka ndekha matiresiwo. Kungoti m'mawa ndinkadzuka kumbali kwanga, iye kwake, pakati pali malo oti n'kugona munthu wina.

Anamwalira usiku wa Lachinayi lomaliza la Januwale. Ndinadzuka kutacha, ndinavala timakina tanga, ndinamuuza kuti kunja kwagwa chipale chofewa chambiri. Sanayankhe. Anali atagona chammbali, atayang'ana kwa ine, mkono utatambasuka pabedi. Pakati pa zala zake ndi pomwe panali phewa langa panatsala mpata wokwana chikhatho chimodzi. Kabotolo ka mapilisi ake kanali pansi, kosatsegula. Bulangete kumapazi kwake linali litakankhidwa.

Dokotala anati anapita ali m'tulo, sanamve kanthu. Ndinamuthokoza. Koma munthu wopita ali m'tulo sakankha bulangete ndi miyendo. Ndinkadziwa chimene chidendene chija chinkachita, ndipo ndinkadziwa kuti ine ndinali pomwepo, ndikuliza mkonono.

Maliro anadutsa. Amayi akutchalitchi anadzaza firiji ndi mbale za chakudya, kenako anasiya kubwera. Annika anabwerera ku Minneapolis. Ndinatsala ndekha ndi matiresi. Ndinkadana nawo, koma sindinkatha kugona pena. Mbali ya Marlys sindinkaikhudza. Ndinkaiyala m'mawa uliwonse ngakhale panalibe wogonapo.

Zinayamba mu Malichi.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza bulangete la mbali yake litakankhidwa kumapazi. Ndinati ndine, pajatu ndimatembenuka. Ndinaliyala. Mawa lake chimodzimodzi. Usiku wachitatu ndinalipinda mwamphamvu pansi pa matiresi, monga amachitira kuchipatala. M'mawa linali litatuluka.

Kenako ndinaona dzenje. Mphira ameneyu sasunga dzenje. Mayi Oberg anationetsa okha: ukakanikiza ndi chibakera n'kuchotsa, amabwerera nthawi yomweyo. Koma kumbali ya Marlys kunali polowa, pa chiuno ndi pa phewa, ndi kena kakang'ono kumapazi. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako ndinapita n'kuikapo dzanja. M'chipindamo munkazizira, chifukwa ndimatsitsa moto usiku. Pamenepo panali pofunda.

Sindinauze munthu. Ukakalamba, ukangonena zoterezi, ana amayamba kukufunira malo kunyumba ya okalamba.

Usiku umenewo ndinachita zimene ndinaona kusitolo. Ndinatunga madzi m'tambula ya Marlys n'kuiika pabedi, kumbali yake, pafupi ndi kadzenje ka kumapazi. Nyale ndinaisiya yoyaka. Timakina sindinavule. Ndinagona chagada kumbali yanga, mutu nditaupendeketsa, maso pa tambula.

Teni koloko inadutsa. Galimoto yokankha chipale inadutsa mumsewu. Makina otenthetsa nyumba anayaka, anazima. Thwelofu. Wani. Madzi ali phee. Ndinayamba kudziseka ndekha, nkhalamba yolondera tambula.

Itangokwana fili koloko madzi ananjenjemera.

Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Kenako bata. Ndinayang'ana uku ndi uku. M'chipinda munali zii. Panalibe phazi, panalibe mthunzi, panalibe chilichonse. Ndipo kumbali kwanga sindinamve kanthu. Matiresi anali chete pansi pa msana wanga, monga anatilonjezera kusitolo.

Madzi ananjenjemeranso. Katatu. Ulendo uno mwamphamvu, mpaka ena anatayikira pansalu. Anadikira pang'ono. Katatu kenanso, mofulumira. Kenako mosalekeza, mosawerenga, ngati munthu amene wataya mtima. Tambula inapendekeka n'kugwa. Madzi anayenderera n'kudzaza kadzenje kaja.

Ndinkafuna kutchula dzina lake koma mantha anandigwira. Sikuti ndinkaopa Marlys. Ndinkaopa zimene ndinali nditangoonazo, chifukwa ndi mmene zinachitikira usiku wa mu Januwale uja, ine ndili m'tulo. Ndipo mwina ndi mmene zinkachitikira usiku uliwonse kuyambira pamenepo.

Gordy, mnansi wanga, anandipeza m'bandakucha nditakhala pamasitepe a khonde, ndili ndi zovala zogonera ndi nsapato za chipale, ndevu zitachita madzi oundana. Anali akutulutsa galu wake.

“Arvid, wapenga kodi? Ukufuna tikukwirire nawenso nthaka isanafewe?”

Anandikokera kukhitchini kwake n'kundipatsa khofi. Ndinamuuza theka la nkhaniyo. Anakanda mutu, n'kunena kuti iye za mizimu sadziwa, koma munthu sagona pamene anafera mkazi wake, ndipo ngati mausiku zana aja sanathe, ndibweze chinthucho. Anali atatsala asanu ndi umodzi. Ndinavomera kuti ndiimba foni kusitolo.

Sindinaimbe. Madzulo a tsiku lomwelo, mdima utangoyamba, ndinaona nyale za galimoto pawindo. Anali Mayi Oberg, atanyamula chimtolo chachikulu chokulungidwa m'pulasitiki. Anagwedeza chipale kunsapato, akumwetulira, n'kupepesa kuti achedwa. Anati chidutswa chimene akazi anga anaitanitsa chafika. Anafunsa ngati ali m'nyumba.

Ndinawafunsa kuti chidutswa chanji.

Anati Mayi Koskela, kutanthauza Marlys, anasiya uthenga pamakina a foni akusitolo, usiku, Lachiwiri la sabata yatha. Anapempha kuti achotse mphira wodulidwa pakati uja, aike wathunthu, mmodzi wa tonse awiri. Zoti akhale wofewa kapena wolimba analibe nazo ntchito.

“Anati chiyani kwenikweni?” ndinafunsa.

“Anati, ‘Amuna angawa ndi gonthi. Ndikumenya, ndikumenya, sakudzuka.’ Ine ndinaseka, Bambo Koskela. Ndinakumbukira za nsapato zija.”

Ndinawauza kuti Marlys tinamuika mu Febuluwale.

Chimtolo chinatsetsereka m'manja mwawo n'kutsamira khoma. Anakhala pampando wovulira nsapato osauzidwa. Kenako anayamba kulankhula mofulumira, akuyang'ana pansi. Anati makina awowo ndi akale. Magetsi atazima nthawi ya chimphepo, wotchi yake inasokonekera, ndipo nthawi zina amatulutsa mauthenga akale ngati atsopano. Mwina uthengawo unali wa mu Januwale. Ndinapempha kuti ndikaumve. Anati anaufufuta atangolemba.

Ankaganiza kuti akunditonthoza. Koma ine ndinaima pamenepo ndikuyeza mbali ziwirizo, ndipo sindinapeze yopepuka. Ngati anaimba mu Januwale, ndiye kuti Marlys ankagona ndi mantha pambali panga, osandiuza, poopa kundikhumudwitsa pa mphatso imene ndinkadzitama nayo. Ngati anaimba sabata yatha, ndiye kuti akumenyabe.

Mayi Oberg anati atumiza galimoto mawa kudzatenga matiresi onse, ndisavutikenso nawo. Ndinati ayi. Ndinawapempha kuti andithandize kukweza chimtolocho m'chipinda.

Tinatsegula zipi. Tinachotsa chidutswa changa cholimba, tinachotsa chake chofewa. Chakecho Mayi Oberg anachinyamula osayang'ana madzenje aja. Tinayala chatsopano, aliyense atagwira ngodya zake. Akutseka zipi anandiuza zoona, kuti izi zingothandiza pang'ono chabe. Masipuling'i akadali lililonse m'kathumba kake. Munthu wamoyo atamenya ndi mphamvu zake zonse, ine ndingamve ngati mphaka wadumphira pabedi, basi. Anatuluka osamwa khofi amene ndinawathirira.

Usiku umenewo ndinavula timakina n'kutiika m'kambale. Ndinazimitsa nyale. Ndinasendera pakati.

Fili koloko bedi lonse linagwedezeka. Katatu. Osati ngati mphaka. Linayenda monga ankayendera matiresi akale aja, mpaka mutu wanga unagunda thabwa la kumutu kwa bedi. Ndinadzuka. Ndinayatsa nyale, ndinatsegula kabotolo ka mapilisi ake, ndinaika limodzi papilo pake. Ndinalira monga sindinalirire pamaliro.

Papita zaka ziwiri. Mausiku zana aja anatha kalekale. Annika watopa n'kundiitana kuti ndikakhale kwawo. Ndimamuuza kuti matiresiwa sangakwane m'chipinda chake cha alendo. Mumsewu mwathu amanong'onezana kuti nyale ya kwa Koskela imayaka fili koloko usiku uliwonse, osaphonya. Ena amati ndi chikhodzodzo cha ukalamba. Mkazi wa Gordy amati ndi Marlys, ndipo sadzapuma mpaka adzanditenge. Gordy amamuletsa, koma galu wake sadutsanso pakhonde langa.

Ine sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Akamenya ndimadzuka. Ndimayatsa nyale, ndimati, “Ndadzuka, Marlys. Ndili pano.” Koma pakapita kanthawi amamenyanso, ngati sanamve. Ndinalankhula mokweza, ndinakuwa, osathandiza. Zikuoneka kuti kumene aliko, gonthi ndi iye tsopano.

Ndiye masiku ano sindilankhulanso. Ndimatambasula mwendo, ndimamenya matiresi katatu ndi chidendene changa, n'kudikira.