Chibangili pa Ntchafu ya Tumbikani

Ndikulemba izi pabondo, mu wodi ya ana, ndiye mundikhululukire ngati zikhote. Mwana wangogona kumene. Amayi busa andisiyira kope kuti ndinene zonse, akawerengere atsikana ku tchalitchi. Ndinena msangamsanga asanadzuke.

Ine ndine Winifred, wa ku Lupaso. Kwathu kunali kwabwino. Adada ndi mkulu wa mpingo, amapala matabwa. Amama amagulitsa usipa wochokera kwawo ku Nkhata Bay. Njala sitinaidziwe, ndipo palibe ankadya tisanapemphere.

Ndili Sitandade 7 ndinadziwana ndi Gideon, wakabaza wa njinga yamoto. Tsiku lina amama anandiona ndikutsika panjinga yake.

"Wini, njinga yaulere kulibe. Udzalipira ndi thupi lako."

Ndinaseka. Chaka chisanathe ndinali ndi mimba, sukulu basi. Adada sanandithamangitse. Anangoti, "Mwana wane, wagwa kamodzi. Dzuka, usamangepo nyumba."

Tumbikani atabadwa ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Geisha, kwa a Salehe, Asilamu a shopu m'tauni. Akazi awo, mayi Amida, anandilola kubwera ndi mwana kumsana. Anthu abwino chomene.

Koma Gideon ankandidikira pamsewu ndikamaweruka.

"Shuga wa anthu olemera sawerengedwa. Katapeko pang'ono."

Ndinatapa shuga. Kenako sopo. Kenako mafuta ophikira. Mayi Amida anayamba kumasuzumira m'chikwama mwanga pageti. Amene ankachita manyazi ndi iwowo, osati ine.

A Salehe anali ndi chibangili chachimuna cha siliva weniweni, chokhuthala ngati zala ziwiri, cholemera, chozokotedwa ngati zingwe zopotana. Gideon anachiona tsiku lina atawanyamula panjinga, galimoto yawo itawonongeka, ndipo sanachiiwale.

"Mwamuna amadziwika ndi pamkono, Wini. Ndikavala chimene chija, anyamata onse a pasiteji azinditi bwana."

"Chimenecho ayi, Gidi. Chinali cha malemu bambo awo."

"Ndiye malemuwo akuchifuna? Bwera nacho, ine ndituma thenga kwa adada ako, tikwatirane bwinobwino. Kapena ukufuna mwanayu akule akuitanidwa wapathengo?"

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza.

Lachisanu masana a Salehe anavula chibangili kuti asambe m'manja asanapite ku mzikiti. Anachiiwala pazenera la bafa, chili chotsegula. Ndinachitola. M'chikwama ayi, aona. M'chiuno mwanga ayi, chigwa. Tumbikani anali pamphasa akusewera ndi mapazi ake. Ndinamukweza kamalaya, n'kuzunguliza chibangili pantchafu yake, pafupi ndi thewera. Sichinkakwana bwino, mwana wanga ndi wonenepa. Ndinafinya. Chinalira kuti tcha, n'kutseka.

Analira. Ndinamuyamwitsa, n'kumubereka.

Pageti mayi Amida anaona m'chikwama, osapeza kanthu. Anasisita mutu wa mwana. "Watani lero kamwamuna kanga?"

"Mano, mama."

Ndinapita kuchipinda cha Gideon ku Salisbury Lines. Tinayesa kutsegula, osatheka. Tinasakasaka potsegulira, m'zozokota zonse zija, osapaona. Tinapaka sopo. Tinapaka mafuta akuba omwe aja. Ntchafu inali itayamba kutupa, siliva akulowa m'mnofu.

"Tiye kuchipatala, Gidi."

"Wapenga? Akafunsa kuti mwana wa wantchito wachitenga kuti? Apolisi ali pomwepo pageti. Dikira, kutupaku kuphwa."

Anatenga pulayala yokonzera njinga. Siliva sanapindike n'komwe, pulayala inaterereka n'kung'amba khungu la mwana. Magazi. Gideon anasuzumira panja, n'kuti akukabwereka sowo yodulira zitsulo. Ndinamva njinga ikulira, ikupita. Mpaka lero.

Apa ndi pomwe ndinachimwa koposa, atsikana anzanga. Ndinadikira. Ndinaopa selo ya apolisi kuposa mmene ndinaopera mwendo wa mwana wanga. Ndinatumiza uthenga kwa amama kuti ndagona kuntchito, n'kudikira mpaka kucha.

M'mawa Tumbikani sankaliranso, ankangobuula. Phazi lake linali lozizira, zala zitada. Ndinamutsina, osamva.

Ndinathamanga wapansi, nsapato ndinazisiya komweko. Kuchipatala mwina akanachedwa kusaka chodulira, koma munthu wodziwa kutsegula ndinkamudziwa. Ndinagwada pageti la a Salehe, n'kuvundukula chitenje. Ntchafu inanena yokha.

Mayi Amida anagwira pakamwa. A Salehe anangoti, "Mugwire mwendo, usagwedeze." Anatenga chotokosera m'mano, n'kuboola pakadiso kakang'ono kobisika pakati pa zingwe zozokota zija. Tcha. Chinatseguka. Basi, chotokosera m'mano.

"Wachivala kuyambira liti?"

"Dzulo masana, bwana."

"Ndiye wagona nacho? Winifred, ukanabwera dzulo ndikanakukalipira, n'kutha. Siliva ndi chitsulo chabe. Lowa m'galimoto."

Anatibweretsa okha kuchipatala kuno. Kupolisi sanapite. Ndikanakonda akanandimenya.

Adada anafika madzulo, utuchi uli m'tsitsi. Anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali.

"Ntchafu iyi inaba chiyani, Wini?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa shuga. Tinagwada pambali pa bedi, anthu akutiona, ine n'kupempha Chiuta andikhululukire. Adada sanandisiye dzanja.

Dzulo adokotala anamulowetsa kufiyeta. Mwendo aupulumutsa, koma zala zitatu za phazi lamanzere adula. Akuti adzayenda, motsimphina. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina adzandifunsa kuti amama, zala zanga zinapita kuti, ndipo ndidzayenera kumuuza.

Atsikana anzanga, ndimvereni. Musabe, ngakhale supuni ya shuga. Mwamuna amene akukutumani kukaba sadzakukwatirani, mavuto akafika adzaliza njinga. Makolo akakuchenjezani, mverani tsiku lomwelo. Ndipo ngati mwachimwa kale, ululani dzuwa lisanalowe, musadikire kuche ngati ine. Tchimo limene mukubisa simulisenza nokha. Langa analisenza mwana wosadziwa kanthu.

Akutakataka, ndileke apa. Bandeji ija akaigunda amalira.