Thumba Limodzi Lasowa

Kayal anali ndi mbalame yake. Sanaigule. Sanaiwete. Koma ankati ndi yake.

Inali mbalame yotuwa. Inali ndi miyendo yofiira. Chala chake chimodzi chinali chopindika. Kayal anaitcha dzina loti Kutti.

M'mawa uliwonse Kutti ankadya m'matope, kuseri kwa minda ya mchere. M'mawa uliwonse Kayal ankakamuona.

Mwezi wa Epulo unafika. Dzuwa linayamba kuwotcha. Mbalame zinayamba kunyamuka. Zinkapita kumpoto, kutali kwambiri.

Kayal anakwiya. Anakwiyira mbalame. Anakwiyira mphepo. Anakwiyira ngakhale nyanja.

"Zadya zathu, zanenepa, basi zikuthawa," anatero Kayal.

Amayi ake ankagwira ntchito panyumba yoonerapo mbalame. Nyumbayo inali m'mphepete mwa nyanja. Ankatchera maukonde ofewa. Mbalame ikakodwa, ankaiika m'kathumba ka nsalu. Kenako ankaiyeza, kuiveka mphete kumwendo, n'kuiulutsa.

Matumba anali khumi ndi awiri. Thumba lililonse linali ndi msomali wake. Lamulo linali limodzi. Thumba likasowa, palibe wodya mpaka lipezeke.

Tsiku lina m'mawa, mbalame zambiri zinakodwa. Kayal anaona amayi akuika imodzi m'thumba. Miyendo yofiira. Chala chopindika. Anali Kutti!

Amayi atatembenuka, Kayal anakolowola thumbalo pamsomali. Anathamanga nalo. Anakakhala kuseri kwa bwato lakale.

Kunyumba kuja ntchito inatha. Amayi anawerenga matumba. Anali khumi ndi limodzi. Anawerenganso. Anali khumi ndi limodzi basi. Msomali umodzi unali wopanda kanthu.

Idli, zitumbuwa za mpunga, zinali m'chitini, zikadali zotentha. Palibe anatsegula chitinicho.

Ilango, mchimwene wake wa Kayal, anali ndi njala. Anayang'ana pansi pa tebulo. Anayang'ana muukonde. Kenako anaona zala za mapazi kuseri kwa bwato.

"Amma, wakuba uja ndi uyu," Ilango anauza amayi. "Taonani mlomowo. Watalika kuposa wa mbalame."

"Choka iwe, mimba patsogolo!" anakalipa Kayal.

Amayi anabwera. Nawonso anali atakwiya. Sanakweze mawu. Anangotambasula dzanja.

Kayal anakana. Anati Kutti ndi wake. Anati amusunga m'dengu. Anati azimupatsa mpunga ndi nsomba. Anati kumpoto kulibe womudziwa.

Amayi anakhala pansi pamchenga. Anati angomuona kaye Kutti. Kayal anapereka thumba, nkhope itakwinyika.

Amayi anatulutsa Kutti mosamala. Anamugoneka chagada m'dzanja.

"Uzira apa," anatero. "Pamimba. Pang'onopang'ono."

Kayal anauzira. Nthenga zinapatuka. Pansi pa khungu panali mafuta achikasu.

"Ameneyo ndi kamba wake wa paulendo," anatero amayi. "Wakhala akusonkhanitsa mwezi wathunthu. M'thumba muno akuchita mantha. Mantha amadya kamba. Anzake akanyamuka lero, iye atsala yekha."

Kayal anayang'ana kunyanja. Mbalame zinali zitasonkhana kale pamatope. Zinkalira. Zinkatambasula mapiko.

"Akapita sabweranso," anatero Kayal. Misozi inali m'maso.

Amayi anatembenuza mwendo wa Kutti. Panali mphete yakale. Inali itaperepeseka. Anawerenga nambala yake. Anawerenganso.

"Mphete iyi ndinamuveka ndine, mwana wanga. Nthawi imeneyo iwe unkakwawa."

Kayal anawerenga zaka ndi zala. Zinakwana zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse Kutti ankapita. Chaka chilichonse Kutti ankabwera.

Amayi anamuonetsa kagwiridwe. Mbalame saiponya. Mbalame saifinya. Umangotsegula dzanja, n'kudikira.

Kayal anatsegula dzanja. Kutti anaima pang'ono. Anagwedeza nthenga. Kenako phuruuu! Anauluka. Anakalowa pakati pa anzake.

Gulu lonse linanyamuka. Linazungulira kamodzi pamwamba pa mchere. Linalunjika kumpoto.

Kayal anaimirira. Anagwira m'chiuno.

"Ukachedwa kubwera, udzandiona!" anakuwa.

Ilango anaseka. Amayi nawonso anaseka.

Kayal anakoleka thumba pamsomali wake. Anawerenga yekha mokweza. Anali khumi ndi awiri.

Amayi anatsegula chitini. Idli zinali zitazizira. Ilango anadandaula, koma anadya zinayi. Kayal anadya atayang'ana kumpoto.